Akavalo adothi a ku India: mmene amaumbidwira ndi chimene chimawapulumutsa pamoto

Kuno ku chigawo cha Tete dzina la India limamveka kwambiri pa nkhani za malonda. Timalitchula tikamakamba za mtengo wa nandolo, za makampani okumba malasha ku Moatize, kapena za mankhwala ndi nsalu zimene zimafika m'masitolo mwathu. Lero tikutengerani kumidzi ya dzikolo, kwa anthu amene ntchito yawo si yachilendo kwa omvera athu: oumba dothi.

Kumwera kwa India kuli chigawo chotchedwa Tamil Nadu. Munthu akamayenda m'midzi ya kumeneko amapeza akavalo ataima pamzere kunja kwa mudzi, m'kankhalango kapena m'mbali mwa damu. Ena ndi olekeza m'mawondo, ena ndi aatali ngati munthu, ndipo alipo ena opitirira mamita anayi. Akale enieniwo ndi adothi lokhalokha lowotcha, opanda simenti ngakhale chitsulo mkati.

Amene anakula akuumba ng'ombe zadothi kudambo poweta mbuzi akudziwa chimene chimachitika ukaika ng'ombe yonenepa pamoto. Imaphulika, nyanga uku, linunda uko. Nanga kavalo wotalika kuposa khoma la nyumba amatuluka bwanji m'moto ali wathunthu?

Chimene moto umachita ndi dothi

Dothi lowotcha, lopanda kunyezimira kuja kwa mbale zam'sitolo, limatchedwa terracotta. Ndi mawu a Chitaliyana otanthauza dothi lophika, ndipo m'Chipwitikizi amati terracota kapena barro cozido. Mphika wa ndiwo, mtsuko wa madzi, mbiya ya mowa ndi njerwa yowotcha, zonsezi ndi za mtundu umenewu. Choncho dzinalo lisatiopseze, chinthucho tili nacho m'makhitchini mwathu.

M'dothi la mtapo muli madzi a mitundu iwiri. Oyamba ndi amene mmisiri amathira pokanda. Madzi amenewa amachoka chinthu chikamauma, ndipo akamachoka dothi limanyala, kawirikawiri ndi magawo 5 mpaka 10 pa magawo 100 alionse. Vuto ndi lakuti kunja kumauma msanga mkati mudakali monyowa. Kunja kukanyala mkati musananyale, pamabwera ming'alu. Chinyontho chimene chatsalira mkati chikakumana ndi moto chimasanduka nthunzi pa madigiri 100, ndipo nthunziyo ikasowa potulukira imaphulitsa dothi. Ng'ombe ya kudambo ija imaphedwa ndi nthunzi imeneyi.

Madzi achiwiri saoneka ndi maso. Ali m'chilengedwe cha dothi lenilenilo, ndipo sachoka ngakhale mutayanika chinthucho chaka chonse padzuwa. Amachoka pokhapokha moto ukafika pa madigiri 500 mpaka 600. Akachoka, dothi limasintha kotheratu ndipo silingabwererenso kukhala matope. N'chifukwa chake chidina chimasungunuka ndi mvula pamene phale la mphika limakhala m'nthaka zaka mazanamazana. Palinso ngozi ina pa madigiri 573: mchenga umene uli m'dothi umafufuma mwadzidzidzi moto ukamakwera, n'kunyalanso mwadzidzidzi moto ukamazirala. Mmisiri wopupuluma kufukula ng'anjo isanazizire amataya katundu wake pamenepa. Moto wa amisiri a kumudzi, kaya ku India kaya kuno, umafika pakati pa madigiri 700 ndi 900.

Amisiri a ku India sayeza madigiri amenewa ndi chipangizo. Amayang'ana mtundu wa moto ndi wa utsi. Koma chilichonse chimene amachita, kuyambira posakaniza dothi, ndi njira yothawira ngozi zimenezi.

Kavalo ndi wa yani

Akavalo a ku Tamil Nadu amaperekedwa kwa Aiyanar. Malinga ndi chikhulupiriro cha anthu a kumeneko, Aiyanar ndi mulungu wolondera mudzi. Amati usiku amakwera kavalo n'kumazungulira malire a mudzi ndi minda pamodzi ndi asilikali ake, kuthamangitsa matenda, akuba ndi mizimu yoipa. Amamupemphanso mvula. Kachisi wake sakhala pakati pa mudzi ayi, amakhala kumalire, nthawi zambiri pamtetete pansi pa mitengo imene palibe amaloledwa kuidula. Mlonda woyenda usiku uliwonse amafunika chokwera, ndiye mudzi umamupatsa akavalo.

Oumba akavalowa ndi a fuko la Velar. Ku India ntchito zambiri za makolo zimayenda m'magazi, mwana wa woumba amakhala woumba. Kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikolo oumba amatchedwa Kumhar kapena Kumbhakar, kuchokera ku mawu akuti kumbha, kutanthauza mtsuko. Pa kasanjidwe ka mafuko ka kumeneko oumba sawerengedwa pamwamba, ndipo mu akachisi akuluakulu a m'mizinda ansembe amakhala a fuko la Brahmin. Koma pa kachisi wa Aiyanar nthawi zambiri wansembe amakhala woumba yemweyo. Munthu amene masiku onse amagulitsa miphika pamsika, pa nthawi ya mwambo ndiye amaimirira pakati pa mudzi ndi mulungu wake.

Pali kusiyana kumodzi ndi kwathu kuno kumene omvera achidwi angakuone msanga. Kwa Achewa ndi Angoni a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga kuumba mbiya ndi ntchito ya amayi, ndipo amaumba ndi manja okha. Ku India woumba wamkulu pabanja amakhala bambo, ndipo miphika amaiumbira pa gudumu lozungulira. Amayi amapeta dothi, kukanda, kuumba tizinthu ting'onoting'ono ndi kupaka utoto. M'madera ambiri mwambo sunkawalola kukhudza gudumu.

Ntchito ya kavalo imayamba ndi pangano. Akuluakulu a mudzi, kapena banja limene linalonjeza nsembe mwana atachira kapena ng'ombe itapezeka, amapita kwa woumba kukamupempha. M'midzi yambiri amatapa dothi lodzaza dzanja pa kachisi n'kumupatsa kuti akasakanize ndi dothi lake. Kuyambira tsiku limenelo chimene akuumbacho si malonda wamba.

Kuyambira kumiyendo

Dothi amakakumba pansi pa madamu a mudzi madzi akaphwa m'chilimwe. Amaliyanika, kuliphwanya, kuchotsa timiyala ndi mizu, kenako kulinyika ndi kuliponda ndi mapazi mpaka lifewe mofanana. Kamwala kamodzi ka laimu kotsalira m'dothi kangathe kuboola chinthu chikapsa kale, choncho kupeta si ntchito yoichita mothamanga.

Kenako amasakaniza mchenga, mankhusu a mpunga ndi udzu wa mpunga woduladula. Apa m'pamene pagona luso. Mchenga umachepetsa kunyala. Udzu umagwira dothi laliwisi ngati mmene nsungwi zimagwirira khoma lomata, kuti lisagwe ndi kulemera kwake. Mankhusu amatsegula tinjira timene chinyontho chimatulukira pouma, ndipo pamoto amapsa n'kusiya timabowo tosaoneka timene nthunzi imathawira. Kavalo amatuluka wopepukirapo komanso wopirira kutentha. Amayi oumba kwathu kuno amene amasinja mapale akale kapena kuthira mchenga m'dothi lonona kwambiri amatsata nzeru yomweyi. Dothi la zokongoletsa, monga mabelu, zingwe za pakamwa ndi mikanda ya m'khosi, limakhala losalala, lopanda udzu wambiri, kuti lilembeke bwino.

Chinsinsi chachikulu n'chakuti kavaloyo ndi wamphako. Kunena zoona, ndi mitsuko ingapo yolumikizidwa imene yapatsidwa maonekedwe a nyama. Mmisiri amayamba ndi miyendo inayi, uliwonse ngati mpope woimirira. Amapota dothi ngati chingwe chonenepa, kuliika mozungulira, kulikanikiza ndi zala kuti ligwirane ndi lapansi, kenako kulipama ndi kathabwa kunja, mkati atatsamiza mwala wosalala. Kupamako kumalimbitsa khoma ndi kulichepetsa kunenepa.

Sangaumbe mwendo wonse tsiku limodzi. Akakweza pang'ono amaleka kuti pansi palimbe, chifukwa dothi laliwisi silingasenze dothi linzake. Koma sayeneranso kudikira mpaka mlomo wa pamwamba uume, chifukwa dothi latsopano siligwirana ndi louma. Choncho amakulunga mlomowo ndi nsanza zonyowa pamene pansi pakuuma. Mmisiri amakhala akuyeza zinthu ziwirizi ndi chala chake tsiku ndi tsiku, ndipo nyengo ikasintha, kayendedwe ka ntchito kamasinthanso.

Povuta kwambiri ndi pamimba. Miyendo inayi ija iyenera kukumana, ndipo dothi liyenera kuyenda m'malere kuchoka pa mwendo wina kukafika pa unzake. Apa amaimika mitengo yochirikiza pansi, n'kumatseka mpatawo pang'onopang'ono kuchokera mbali zonse. Mimba ikagwira amakweza nthiti, n'kuzipinda kuti zikumane pamsana ngati mmene khosi la mtsuko limatsekekera. Khosi la kavalo limatsamira kutsogolo, ndiye limafunanso mtengo wolichirikiza mpaka liume. M'thupi amasiya mabowo dala, m'mbali kapena pansi pa mimba, oti dzanja lizilowa pogwira ntchito, mphepo izilowa pouma, ndiponso moto uzidutsa powotcha.

Akavalo apakatikati, ofika msinkhu wa munthu, amaumbidwa kunyumba kwa mmisiri m'zigawo: miyendo, thupi ndi mutu payokhapayokha. Amawotcha zigawozo n'kuzilumikiza pambuyo pake. Koma kavalo wamkulu kwambiri sanyamulika, ndiye amaumbidwira pamalo pomwe adzaime. Ntchitoyo imatenga milungu ingapo, ndipo kuyanika kumatenganso ina, poyamba pamthunzi kenako padzuwa.

Ng'anjo yomangidwa mozungulira kavalo

Popeza kavalo wamkulu sangapite ku ng'anjo, ng'anjo ndiyo imabwera kwa kavalo. Amamanga khoma la zidina kapena la matope momuzungulira, n'kudzaza mpata wonse ndi nkhuni, ndowe zouma za ng'ombe, makoko a kokonati ndi udzu. Pamwamba amafunditsa udzu n'kumata matope, kusiya timabowo totulukira utsi. Ndowe zouma amazikonda chifukwa zimayaka modekha ndi mofanana, sizilavula malawi ngati nkhuni zouma kwambiri.

Moto amauyamba waung'ono kuti chinyontho chotsala chichoke mwaulemu. Ukakhwima amausiya udye nkhuni zake, kenako amadikira kuti zonse zizizire asanagumule khoma. Ntchito ya mwezi wathunthu imaweruzidwa ndi maola ochepa amenewa, ndipo palibe kubwereza. Mphepo ikawomba mbali imodzi, mbali imeneyo imapsa kwambiri inzake ili yaiwisi. Ming'alu ing'onoing'ono amaimata, koma mwendo ukathyoka, mmisiri ayenera kukaonekera kwa anthu amene anamupatsa dothi la pa kachisi lija alibe choti awapatse, tsiku la mwambo litayandikira.

Kavalo akatuluka bwino amamupaka njereza, kenako mitundu yowala: yofiira, yachikasu, yobiriwira, yabuluu. Kale utoto unkachokera ku dothi lamitundu ndi zomera, lero ambiri amagula wam'zitini. Maso okha amawasiya. Pa tsiku la mwambo, umene pa Chitamil umatchedwa puravi eduppu, kutanthauza kunyamula akavalo, amuna amamanga akavalo onyamulika pa mitengo n'kuwasenza pamapewa kuchokera kwa woumba mpaka ku kachisi, ng'oma zikulira. Maso amajambulidwa pamwambo, ndipo malinga ndi chikhulupiriro chawo m'pamene kavaloyo amakhala wamoyo. M'midzi ina amapherapo tambala.

Pambali pa akavalo pamabweranso ng'ombe, njovu, agalu ndi tiana tadothi. Amene ng'ombe yake inachira amabweretsa ng'ombe, amene anapempha mwana amabweretsa kamwana. Munthu wodziwa kuwerenga zoumbazi angathe kudziwa mavuto amene mudzi unakumana nawo chaka chimenecho.

Chimene chimadabwitsa alendo n'chakuti mwambo ukatha palibe amasamalanso za kavaloyo. Dzuwa limasukulutsa utoto, mvula imagwetsa makutu, nthambi imathyola khosi. Sakonza. Chaka china amabweretsa atsopano n'kuwaimika kutsogolo, akalewo n'kumaphwanyikira kumbuyo mpaka asanduke mapale. Alendo amaona ngati kuwononga, koma tikaganiza bwino, kuphwanyika kumeneku ndiko kwasunga lusoli. Kavalo wosatha akanatanthauza kuti woumba agwira ntchito kamodzi pa moyo wake, ndipo mwana wake sakanaona n'komwe mmene mimba imatsekedwera.

Kavalo wa ku Panchmura

Kum'mawa kwa India, m'chigawo cha West Bengal, m'boma la Bankura, muli mudzi wotchedwa Panchmura. Kavalo wa kumeneko ndi wosiyana kwambiri ndi wa ku Tamil Nadu. Ali ndi khosi lalitali loongoka ngati la kadyansonga, makutu osongoka oloza kumwamba, ndi miyendo yaifupi yonenepa. Safanana ndi kavalo weniweni, ndipo palibe amafuna kuti afanane naye.

Maonekedwe amenewa anabadwa pa gudumu. Gudumu limatulutsa zinthu zozungulira zokhazokha, ndiye mmisiri amaumba miyendo inayi, thupi, khosi ndi nkhope ngati timitsuko ndi timipope tosiyanasiyana. Zikalimba pang'ono amazidula, kuzilumikiza ndi dothi lofewa, n'kusalaza molumikizamo mpaka msoko usaoneke. Makutu ndi mchira amaumba padera, nthawi zambiri pa chikombole, ndipo amazilowetsa m'mabowo kavalo atapsa kale. Wogula akafika kunyumba amangozisomeka. Zokongoletsa za pakhosi ndi pamphumi ndi timipira ndi tizingwe tadothi tomatidwa ndi zala, tolembedwa ndi kamtengo ka nsungwi.

Asanawotche amapaka madzi a dothi losefedwa bwino lomwe, limene limapatsa kavalo khungu losalala. Mtundu wake umachokera ku moto, osati ku utoto. M'dothi muli chitsulo. Mpweya ukamalowa bwino mu ng'anjo, chitsulocho chimachita ngati dzimbiri ndipo kavalo amatuluka wofiira. Mmisiri akatseka mabowo onse chakumapeto kuti utsi ubanike mkati, moto umasowa mpweya, mwaye umalowa m'dothi, ndipo kavalo amatuluka wakuda bii. Dothi limodzi, ng'anjo imodzi, mitundu iwiri. Mawanga akuda amene timaona pa miphika yathu, pamene chikuni chinagona pa mphika, amabwera mwa njira yomweyi, kungoti ku Panchmura amachita dala.

Poyamba akavalowa anali a nsembe basi. Anthu ankawaika pansi pa mitengo kwa Dharma Thakur ndi kwa Manasa, mulungu wamkazi amene amamupempha kuti awateteze ku njoka. Zinthu zinasintha India atalandira ufulu mu 1947, boma litayamba kukweza ntchito zamanja. Mu 1957 kavalo wa ku Bankura anaikidwa pa sitampa ya positi. Mu 1969 mmisiri wa ku Panchmura, Rashbehari Kumbhakar, analandira mphoto ya dziko lonse. Kavaloyo anakhala chizindikiro cha ntchito zamanja za India, ndipo lero amapezeka m'mahotela, m'maofesi ndi m'zipinda zochezera za anthu amene sanamvepo za Dharma Thakur.

Kutchuka kumeneku kunabweretsa ndalama, komanso kunasintha katundu. Wogula wa mumzinda amafuna chinthu cholowa m'chikwama, ndiye amisiri anayamba kuumba tiakavalo tating'ono, ndolo, mikanda ndi matayilosi okongoletsa khoma. Ena amasema kavalo yemweyo pa mtengo chifukwa wadothi amasweka pa ulendo.

Ndowe za bulu ku Molela

Kumadzulo, m'chigawo chouma cha Rajasthan, mudzi wa Molela uli m'mbali mwa mtsinje wa Banas, pafupi ndi tawuni ya Nathdwara. Kumeneko saumba zoimirira pazokha koma magome adothi okhala ndi zithunzi zotukuka. Mmisiri amayala dothi pansi ngati chitseko chaching'ono, n'kumaumbapo chifanizo cha mulungu monga Devnarayan ali pa kavalo wake, kapena mulungu wa njoka. Ngakhale pano chifanizocho chimakhala champhako: amachikweza ngati kachulu, n'kuboola timabowo kuti nthunzi ipeze njira.

M'malo mwa udzu, iwo amasakaniza ndowe za bulu zouma ndi zopeta. Bulu sagaya udzu kwambiri ngati ng'ombe, choncho ndowe zake zimakhala ndi timaluzi tatifupi tofanana, todulidwa kale. Ntchito yaikulu amaigwira m'nyengo yozizira, chifukwa dzuwa la chilimwe cha ku Rajasthan limaumitsa dothi mofulumira n'kuling'amba. Ogula enieni ndi anthu a mitundu ya Bhil ndi Gujjar, amene amabwera chakumayambiriro kwa chaka, m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ena kuchokera kutali kwambiri, limodzi ndi wansembe wawo kudzasankha chifanizo choti chikalowe m'malo mwa chakale pakatha zaka zingapo. Mohanlal Kumhar wa m'mudzimu analandira ulemu wa boma wa Padma Shri mu 2012.

Tisasokoneze zoumba zimenezi ndi zifanizo zikuluzikulu za Durga zimene zimaumbidwa ku Kumartuli mu mzinda wa Kolkata. Zimenezo ndi dothi lomatidwa pa udzu ndi nsungwi, ndipo siziwotchedwa n'komwe, chifukwa chikondwerero chikatha zimakaponyedwa mu mtsinje kuti zisungunuke.

Luso lowotcha zifanizo ndi lakale kwambiri m'dera limeneli. M'mabwinja a mizinda ya chigwa cha Indus, imene inali pachimake pakati pa zaka za 2600 ndi 1900 Yesu asanabadwe, ofukula apeza ng'ombe zadothi za malinunda, tingolo, tiziboliboli ta amayi ndi maweluzi ooneka ngati mbalame. Ku Banawali, m'chigawo cha Haryana, anapeza kapulawo kadothi. Ng'ombe zimenezo mwana wa ku Ulónguè angazizindikire nthawi yomweyo. Zinapulumuka chifukwa zinali zazing'ono. Kuumba zazikulu kunatheka amisiri atazolowera kusiya mphako mkati: ku nyumba yosungira zakale ya National Museum ku New Delhi kuli zifanizo ziwiri zadothi za Ganga ndi Yamuna, zotalika ngati munthu, zochokera ku Ahichchhatra, zoumbidwa cha m'zaka za m'ma 400.

Simenti, nkhuni ndi chilolezo chokumba

Mdani wamkulu wa kavalo wa Aiyanar lero ndi simenti. Midzi imene yapeza ndalama, makamaka kuchokera kwa ana ake ogwira ntchito m'mizinda kapena kunja, imakonda kumanga kavalo wa njerwa, zitsulo ndi simenti, wopakidwa penti wonyezimira. Amakhala zaka zambiri, ndipo amaonetsa kuti mudziwo uli ndi chuma. Sitingawadzudzule anthu ofuna chinthu cholimba. Koma kavalo wa simenti amamangidwa ndi mmisiri wa nyumba, osati woumba, ndipo akaima, pempho la kavalo wamkulu wadothi silibweranso. Akavalo apakatikati a pa mwambo wa chaka ndi chaka akuumbidwabe ambiri. Amene akusowa ndi amisiri odziwa kuwotcha chinthu cha mamita anayi pamalo pomwe chaima, chifukwa luso limenelo munthu amaliphunzira pothandiza bambo wake kapena amalume ake, ndipo ngati ntchitoyo siichitika palibe pophunzirira.

Miphika nayo, imene inali chakudya cha tsiku ndi tsiku cha woumba, inalandidwa msika ndi ziwiya za aluminiyamu ndi pulasitiki, monga zachitikira kuno. Kale woumba ankalandira gawo la zokolola kuchokera ku mabanja amene ankawatumikira. Lero amalandira ndalama, ndipo nkhuni, udzu wa mpunga ndi ngolo yonyamula dothi zonse amagula. Ana ambiri a oumba apita kusukulu ndipo asankha ntchito zina, ndipo makolo awo ambiri sawaletsa.

Boma la India layesa njira zingapo. Kuyambira mu 2018 bungwe la boma la Khadi and Village Industries Commission lakhala likugawa magudumu oyendera magetsi kwa oumba. Amathandiza woumba makapu ndi nyali, koma kavalo wamkulu saumbidwa pa gudumu. Njira ina ndi kulembetsa dzina la malo, chimene m'Chipwitikizi timati Indicação Geográfica. Omvera a kuno akuidziwa nkhaniyi chifukwa cha Cabrito de Tete, mbuzi yathu imene inali katundu woyamba wa Mozambique kutetezedwa motere. Zoumba za ku Panchmura zinalembetsedwa mu 2018, za ku Gorakhpur mu 2020, ndipo za ku Molela nazonso zili m'kaundula yemweyo. Cholinga n'chakuti munthu wa kwina asaumbe kavalo pa chikombole cha fakitale n'kumugulitsa ndi dzina la Panchmura.

Chikalata chimateteza dzina, koma dandaulo limene oumba a m'zigawo zambiri amabwereza ndi la dothi lenilenilo. Malo amene makolo awo ankakumba asanduka minda ya eni ake, mapuloti a nyumba, kapena atengedwa ndi owotcha njerwa, amene amadya dothi lambiri. Dothi la kavalo silipezeka paliponse. Mmisiri amadziwa damu limene dothi lake limapirira moto ndi limene limang'ambika, ndipo akalandidwa malo amenewo sangangopita pa chulu chapafupi.

Ku Tamil Nadu madamu ambiri ali m'manja mwa boma, ndipo kukumbamo kumayendetsedwa ndi malamulo a migodi, omwe anakhwimitsidwa pofuna kuthana ndi akuba mchenga. Boma la chigawocho limalola alimi ndi oumba kutenga dothi m'madamu ena kwaulere, komanso limapereka kandalama kothandiza mabanja a oumba m'miyezi ya mvula pamene ntchito imaima. Koma woumba ayenera kuyamba wapempha chilolezo ku ofesi, ndipo mabungwe awo amadandaula kawirikawiri kuti chimachedwa. Pansi pa damu pamakumbika milungu yochepa yokha pa chaka, madzi ataphwa. Chilolezo chikatuluka mvula itagwa kale, dothi la chaka chimenecho limakhala lili pansi pa madzi, ndipo banja limagula la pa thirakitala kwa amalonda kapena kudikira chilimwe china.